Geti la ku 47, Fumbi la ku 25

Lolemba, 5 Ogasiti

Kalata yafika. Transifa ija ndinapempha chaka chatha yatheka, pa 2 Sepitembala ndikayambe ntchito ku Lilongwe. Ndinaiwerenga kawiri nditaimirira pakhomo la wadi ya amayi, kenako ndinakabisala m'chipinda cha mankhwala, chifukwa sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire. Zaka 9 pa Chintheche. Walira mvula walira matope, iwe Mthokozi.

Ndinapempha chifukwa cha Bambo. Madokotala odziwa matenda oiwalaiwalawa ali ku LL, kuno timangowapatsa mapiritsi a BP ndi kuwapempherera. Chiyambire tsiku lija la mu Malichi mtima wanga sunakhalepo pansi. Anatuluka m'mawa ine ndili ku ntchito, n'kukapezeka dzuwa litapendeka kufupi ndi Kande, mapazi atatupa, akufunsa asodzi ngati sitima ya ku Limbe yadutsa kale. Mawa lake ndinagula loko wamkulu. Ndikamachoka ndimakhoma geti, kiyi wina ali ndi Anyamanda, eni nyumba yathu, amene amakhala kuseri kwa mpanda ndipo amawapatsa chakudya masana. Chibwerere loko, zii, palibe vuto.

Ndawauza nkhaniyi tikumwa tiyi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Walembera akuluakulu? Siteshoni sasiya chisiyesiye." Anagwira ntchito zaka 31 pa siteshoni ya Balaka, anapuma kalekale, koma m'mutu mwawo sitima zikuyendabe.

Ndiye nkhani ndi imodzi: tikakhala dera liti? Kuno atasowa anapezeka chifukwa msewu ndi umodzi. Mumzinda muja ndikalakwitsa posankha malo, ndidzawataya ndithu. Ndikuopa.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Lero ndazindikira kuti pa Chintheche pali akatswiri a Lilongwe ambiri kuposa ku Lilongwe kwenikweniko.

Mkulu wa ku labu, amene anapitako kamodzi ku semina ya masiku atatu, wati Area 10 kapena 43 basi, kwina konseko ndi kwa akuba. Ndamufunsa ngati wamva kuti andisankha kukhala nduna. Patience, mzamba mnzanga, wati kulikonse ndi kwabwino bola pafupi ndi depoti. Nditamufunsa chifukwa, wayankha osaphethira n'komwe: "Tikamabwera kudzatenga mapasipoti tizikagona kuti?" Nyumba sindinaipeze, alendo alembetsa kale.

Anyamanda ndiye anaposa onse. "Ama Nesi, musankhe kopanda fumbi. Munthu angakhale bwanji kumalo kopukuta nsapato kawiri patsiku?" Awa ndi mayi amene amasita chitenje chopitira kumunda wa chinangwa. Atonga inu! Ndinawauza kuti kwathu ku Balaka fumbi timabadwa nalo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Zimaoneka."

Zanga ndalemba kuseri kwa kalata ya transifa: mpanda wa njerwa wautali, geti lokhoma, kutali ndi msewu waukulu, kopanda phokoso. Ndazitumiza kwa mchimwene wanga Jailosi ku Kawale kuti ayambe kufufuza. Kwa iyeyo sitingakhale, zipinda ziwiri ana anayi, ndipo mwini wakeyo amakhalira pamsewu ndi lole.

Lachinayi, 8 Ogasiti

J. watumiza mavidiyo awiri.

Yoyamba ndi ya ku Area 47, kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu. Vidiyo ya mphindi ziwiri, mphindi imodzi ndi theka akujambula khoma. Lalitali, pamwamba waya waminga, geti lachitsulo, mlonda, agalu awiri. Bata lake ndimamva nsapato za J. zikulira. Ndaionera kanayi ngati filimu.

Yachiwiri ndi ya ku Area 25. Nyumba yapayokha, mpanda wa maluwa wofika m'chiuno, geti la malata lopendekeka ngati laledzera. Kumbuyo kukumveka chigayo, mabelu a akabaza, ndi kwaya ikuphunzira nyimbo imodzi yomweyomweyo. Chapakati mayi wina wonenepa walowetsa nkhope yonse mu kamera: "Mukujambulira ndani? Ali ndi ana?" Vidiyo yathera pomwepo.

J. wati, "Sisi, ya ku 25 ndangojambula kuti muone kuti ndinayesetsa. Komanso njanji ya ku Kanengo si patali." Atangotchula njanji, nkhani inatha. Bambo atamva kulira kwa sitima yeniyeni angaime?

Mayi a nyumba ya ku 47 ati atisungira mpaka Lolemba pa 19 madzulo.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Mwera tsiku lonse, usipa kulibe. Bambo adya bwino, akuoneka kuti akunenepa. 47 basi.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndilembe ndisanagone.

Ndinapita kumsika kukagula nsomba ya batala kwa Hawa, mnzanga wa ku Nkhotakota uja amagulitsa nsomba pafupi ndi siteji ya maminibasi. Mwa matama anga ndinamuonetsa vidiyo ya ku 47. Anaionera akuingitsa ntchentche, n'kuti, "Khoma lokongola, Sisita. Ngati ndende ya anthu olemera. Nanga Ada Siteshoni azikatulukira pati popita ku ntchito?"

Ndinati, Ada ndani?

Anagwira pakamwa ndi dzanja lonunkha nsomba. Abdul wa golosale, amene amamvetsera ali pakhonde lake, mwadzidzidzi anakumbukira kuti mashelefu ake ali ndi fumbi. Ndinakhala pa benchi la Hawa n'kumuuza kuti sindichoka mpaka anene zonse.

Nazi zonsezo. Masabata awiri chigulire loko, Bambo ankangoima pageti kuyambira m'mawa, akugogoda, akuti achedwa ku ntchito. Anyamanda zinawakanika kupirira. Tsiku lina anatenga jekete la Bambo, n'kulisita (inde, kulisita kaye!), n'kutsegula geti ndi kiyi amene ndinawapatsa ine mwini, n'kuwaperekeza ku siteji. Abdul anatulutsa mpando pakhonde. Telala wa pamsika anapereka tinsalu tiwiri, kofiira ndi kobiriwira. Kuyambira pamenepo minibasi ikamalowa, Bambo amakweza kofiira, iyo n'kuima. Ikadzaza, siinyamuka mpaka akweze kobiriwira. Akawodzera, okwera amadandaula, koma dalaivala sachoka, amatuma kondakitala kukawatsokomolera pafupi. Akayamba kulunjika msewu wa ku Kande, aliyense amene wawaona amakuwa kuti, "Ada, ya ku Limbe ikulowa!" iwo n'kubwerera akuthamanga. Hafu pasiti fili Faraji wakabaza amawabweza kunyumba, Anyamanda n'kuwapukuta nsapato, n'kukhoma geti. Ine ndimafika faifi koloko, n'kugwedeza loko wanga, n'kuyamika Mulungu. Masiku anga opuma amawauza kuti sitima siziyenda.

Miyezi inayi! Msika wonse ukudziwa. Patience akudziwa. Ngakhale dalaivala wa ambulansi yathu akuti akamadutsa wopanda wodwala amaimba hutala n'kudikira kansalu. Ine ndekha, nesi wa maso awiri, ndimati mapiritsi akugwira ntchito.

Ndinapsa mtima, ndinalankhula mokweza mpaka ogula anaima. Ndinati, akanagundidwa ndi lole pamsewu uwu mukanandiuza chiyani? Hawa anandisiya ndimalize, kenako anati, "Tikanalira limodzi, Sisita. Koma sanagundidwe. Ndipo masayawo mwawaona?"

Batala ndinamuiwala pomwepo. Wabwera naye Faraji kunyumba, atatumbula kale.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Titaweruka kutchalitchi ndinapita kwa Anyamanda. Ndinakonza mawu ambiri ulaliki uli mkati. Anandipatsa mpando, anandipatsa moni wawo wa "Mwe uli" ngati palibe chachitika, ndipo anamvetsera manja ali pamiyendo.

"Kubisa ndinalakwa, pepani ukongwa," anatero. "Koma mwamuna wovala tayi sangakhale m'khola ngati nkhuku, Ama Nesi. Ine maso anga anakana."

Ndinawauza kuti tayi sateteza munthu ku galimoto. Ndinalanda kiyi. Chakudya aziwapatsira pamwamba pa mpanda.

Ndimawakonda mayiwa, ndipo lero ndinafuna kuwaluma.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Masiku awiri geti lili chikhomere.

Dzulo ndinawapeza Bambo ataima pageti, jekete, tayi, chipewa m'manja. Mbale ili pa mpando yosavundukula. Anyamanda anandiuza kudzera pa mpanda, osandiyang'ana, kuti aima pamenepo kuyambira seveni koloko. Lero chimodzimodzi, kungoti lero anakhala pansi, pafumbi, atatsamira geti. Sanadandaule. Nditatsegula anangoti, "Wabwera, mwana wanga? Kwachedwa lero," n'kulowa m'nyumba akukoka miyendo. Tiyi anamwa theka.

Masana kuchipatala kunabwera kondakitala wina ndi phava la nthochi, n'kuima pamzere wa odwala mpaka nthawi yake itakwana. Nditamufunsa chomwe chikumupweteka, anati, "Palibe, Ama. Madalaivala andituma. Ada akudwala kodi? Magalimoto akungonyamuka chinyamukenyamuke ngati kulibe boma."

Ndinaseka, kenako ndinakalowanso m'chipinda cha mankhwala chija. Sindine woipa. Ndine amene ndinatsuka mapazi aja mu Malichi, iwo sanawaone.

Lachitatu, 14 Ogasiti

M'mawa ndinakabweza kiyi. Anyamanda analandira ndi manja awiri. Ndisanafike pamsewu ndinamva akukupiza makala a simbi.

Ku siteji sindinapite ndipo sindipita. Ndikudzidziwa, ndikawaona pafupi ndi tala ndiwakoka dzanja pamaso pa anthu. Ndadzera njira ya kuseri kwa sukulu.

Madzulo adya zonse, mpaka kupempha nthochi.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndapita kukapepesa kwa Hawa chifukwa cha phokoso lija (nditaonetsetsa kuti Bambo aweruka). Anati zinatha kale. Nditamuuza kuti ndatsala pang'ono kuvomera ya ku 47, anatola chambo chimodzi n'kundiyandikizira kumphuno. "Nsomba ya pa foni sinunkha, Sisita. Pitani mukanunkhize."

Patience wavomera kundigwirira mashifiti mpaka Lolemba. Wati ndisaiwale za depoti. Mawa ndinyamuka, Bambo agona kwa Anyamanda.

Loweruka, 17 Ogasiti, kwa J. ku Kawale

Ambuye, ndachita chiyani lero.

Tinayamba ku 47. Kukongola kwake vidiyo inachepetsa. Mitengo, tala mpaka pageti, mpweya wabwino. Mayi a nyumba ndi munthu waulemu, anatipatsa juwisi m'matambula agalasi. Kanyumbako koyera, madzi mkati, mawindo a zitsulo. Ndinagwira khoma lija ndi dzanja langa. Ngakhale mphaka angaganize kawiri.

Tsono ife kuchipatala tili ndi chizolowezi. Kamodzi pamwezi timayeserera ngozi: wina amakuwa kuti mayi akutaya magazi, pomwe palibe mayi aliyense, kuti tione amene athamange ndi amene asowe magolovesi. Titatuluka pageti chinandibwerera chimenecho. Geti lililonse tsiku lina limaiwalika, wobweretsa makala amalisiya potsegula. Ndinauza J. kuti aime pakona, ine ndiyeserere.

Ndinayenda msewu wonse, makoma uku ndi uku. Kwa mphindi makumi awiri ndinakumana ndi bambo mmodzi wothamanga atatseka makutu ndi mawaya, anangondikwezera dzanja. Galimoto imodzi inachepetsa liwiro, nditayandikira galasi linakwera. Ndinagogoda pageti lina, mlonda anatsegula kawindo kokwana maso okha. Ndinati, pepani, simunaone abambo achikulire ovala jekete lakuda, tayi ndi magalasi? Amaiwalaiwala. Anati, "Pepani mayi, ine ndimayang'ana zamkati." Anapepesa kawiri, anali munthu wabwino ndithu. Kawindo kanatsekeka.

J. anati, "Ubwino wake ndi womwewo, Sisi. Kuno palibe amene amaona za mnzake."

Masana tinapita ku 25. Fumbi lake Anyamanda akanakomoka. Nyumbayo si yoipa, chitseko cha kumbuyo chokha chikufuna kalipentala. Pakona pali mabenchi a tomato, pometera, ndi kasiteji ka akabaza. Pa benchi loyamba panali mayi uja wa mu vidiyo, amamutchula Make Gospel. Kuti mayeso akhale achilungamo ndinanena mawu omwe aja, osawonjeza. Ndimayembekeza kumva kuti sitinawaone, ndithokoze, tizipita.

Mayiyo anadzuka, anamanga chitenje, n'kukuwa mawu amene ndikukhulupirira anamveka ku Kanengo. "Agogo asowa kunoo! Jekete lakuda, tayi, magalasi!"

Zinachitika mofulumira kuposa mayeso athu onse a kuchipatala. Akabaza anayi anabalalika, aliyense njira yake. Wometa anatuluka ndi makina m'manja, kasitomala wake akumutsatira mutu wometa theka. Wina anaimbira kuchigayo. Mtsikana wa pa kontena ya mayunitsi anati waika kale pa gulu la WhatsApp la m'deralo, akufuna chithunzi. Ndinayesa kunena kuti dikirani, ndifotokoze, koma amayi awiri anali atandikhazika kale pa kreti, wina akundikupiza ndi katoni, wina akundimwetsa madzi. "Limbani mtima mayi, musalankhule, kuno satayika munthu." Ndinayang'ana J. kuti andithandize. Anali kuseri kwa kontena, atagwira pamimba.

Sipanathe mphindi khumi, kunamveka nthungululu. Njinga yamoto ikubwera pang'onopang'ono, pakati pa woyendetsa ndi mnzake apanikiza abambo achikulire. Jekete lakuda. Tayi. Magalasi. Baibulo m'khwapa. Akukuwa kuti, "Ndisiyeni, anthu opanda mwambo! Ndikupita ku msonkhano wa madikoni!" Woyendetsayo akuwayankha mokoma mtima, "Eya agogo, tikupita komweko," kwinaku akunditsinzinira diso kuti ndione mmene aiwalira.

Make Gospel anaika manja kumutu. "Iii, anyamata inu, awa ndi a Enos a kuseri kwa sukulu! Aphunzitsi athu!" Akabazawo anali atsopano m'deralo.

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika. Ndinaimirira pamaso pa anthu osachepera makumi atatu n'kuulula kuti bambo anga ali bwinobwino ku Chintheche, ku Nkhata Bay, ndipo ine ndimangofuna kuona.

Make Gospel anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mumatiyesa?"

Ndinati eya.

"Takhoza?"

Anthu anaseka mpaka wina anakhala pansi. A Enos okha sanaseke. Anasasa jekete lawo, anakonza tayi, n'kundifunsa monga mphunzitsi kuti bambo angawo vuto lawo n'chiyani kwenikweni. Ndinafotokoza, za njanji, za Kande, za tinsalu. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Malemu akazi anga anali choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Iwo ankathawira kuchigayo uko. Ndinkakawatenga atayera ndi ufa mpaka nsidze, akuseka." Anatembenukira kwa akabaza aja: "Inu, kandituleni pamene munandiba."

Pochoka ndinamva wina akuuza mnzake kuti, "Ndi amenewo, a Nesi a Mayeso." Dzina ndapatsidwa kale. Sindingakhale kumeneko, nkhope ndingaiike pati? Mlamu wanga wamva nkhaniyi katatu kuchokera kwa J., ndipo nthawi iliyonse akabaza akuchuluka.

Lamulungu, 18 Ogasiti

J. wasiya kuseka, walankhula zanzeru, zomwe sizichitika kawirikawiri. Wati ku 25 mpanda uja mbava ingadumphe itanyamula wailesi m'manja onse. Maminibasi a mumzinda si a pa Chintheche, sadikira kansalu ka munthu. Njanji ilipo. Ndipo matendawa sabwerera m'mbuyo, lidzafika tsiku loti ngakhale awaitane bwanji sadzatembenuka. Zonsezi ndikuzidziwa kuposa iyeyo, ndimaziuza mabanja a anthu ena.

Ndamuuza kuti chabwino, 47. Anatulutsa foni kuti awaimbire mayi aja, ndinamugwira dzanja. Ndati ndiimba ndekha mawa ndikafika, nthawi ilipo mpaka madzulo.

Lolemba, 19 Ogasiti

Ndinanyamuka m'mamawa, kusintha galimoto pa Salima ndi pa Dwangwa. Nambala ya mayi a ku 47 ndinaiika pamwamba kuti ndikangotsika ndiimbe. Njira yonse ndimaganiza za makatani.

Ndinaiwala chinthu chimodzi, kuti minibasi imatsitsa pa siteji, ndipo inali itangokwana thu koloko.

Tikulowa pa Chintheche dalaivala anatsitsa wailesi n'kuimba hutala kawiri. "Ada ali pa ntchito," anauza kondakitala. Ndinasuzumira. Anali ataima kutsogolo kwa khonde la Abdul, kutali ndi tala, msana uli chilili ngati wa msilikali, jekete losita mpaka mizere ikuoneka, kansalu kofiira m'mwamba. Galimoto inakaima ndendende pamene analoza. Sindinawaonepo ataima choncho chimwalirire Amayi.

Ndinatsika pomalizira, duku kumutu, fumbi la maboma anayi kumaso. Ndinakonzeka kuti andikalipire kapena achite manyazi. Anabwera, n'kundilandira chikwama.

"Mwayenda bwino, mayi? Mwachokera kutali?"

Ndinadikira. Ndinawayang'ana m'maso, pafupi, kuti aone bwino. Anali akumwetulira monga amamwetulira kwa mlendo. Hawa anaimirira pa benchi lake akufuna kulankhula, ndinamupukusira mutu.

"Ku Lilongwe, bambo."

"Kutali ndithu. Alipo okuchingamirani?"

"Alipo."

"Chabwino. Mukadwala kuno musavutike, mwana wanga ndi nesi pachipatala apo. Mthokozi. Manja ake ndi ofewa, koma pakamwa!" Anapukusa mutu akuseka. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Koma mukakumana naye musamuuze kuti mwandiona pano. Amada nkhawa mwana uja. Sagona."

Ndinati sindimuuza.

"Zikomo, mayi." Anandipatsa chikwama ndi manja awiri. Kondakitala anamenya chitseko, iwo anatembenuka, anayang'ana msewu mbali zonse ziwiri, n'kukweza kobiriwira.

Aka n'koyamba kuti asandizindikire. Ndinadziwa kuti lidzafika tsikuli, ndinaliwerenga m'mabuku, koma zandipweteka kwambiri. Ndinakakhala kuseri kwa beseni la usipa n'kulira mmene ndinalirira pa maliro a Amayi. Hawa anangosuntha kuti anditchinge, n'kumagulitsa.

Nditapukuta kumaso ndinaimbira mayi a ku 47, ndinawathokoza chifukwa cha juwisi ndi kutidikira, n'kuwauza kuti apatse ena. Kenako J. Ndinati apite ku 25 akatenge makiyi, apeze kalipentala wa chitseko, ndipo akafunse Make Gospel ngati pambali pa tomato wawo pangakwane mpando umodzi. Anayamba kunena za njanji. Ndinati ndamva, ndikuopabe, pita.

Ndikulemba izi pa benchi pomwepa, buku pabondo. Akuweruka hafu pasiti fili. Ndikhala kuseri kwa Hawa mpaka akafike kunyumba, kenako ndifike ine, kuchokera ku Lilongwe.